Matiresi a Bedi la Abambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chilomoni tilipo, ndipo msana wa amayi wachepako kuwawa.

Matiresi a m'shopu onse sanakwane pabedi limene malemu abambo anakhoma okha, paja iwo ankayeza ndi mkono, osati tepi. Nditanena zogula bedi lina, amayi anati, "Mukalitaya, munditaye nalo limodzi." Basi ndinakaitana odula siponji ku Ndirande, anabwera kudzayeza. Mtengo wake unakwerako, ndipo ndinadandaula mumtima.

Dzulo ndinawapeza amayi akadali m'tulo pa matiresi atsopanowo dzuwa litakwera, dzanja lili mbali imene ankagona abambo. Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono. Ndalama ija sindikuidandaulanso.

Mukafuna kuwaimbira, muziimba masana, poti masiku ano sakulawiranso kudzuka. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati