Mthuthuthu Wayamba Kulira pa Chitunda

Nachisaka, Dowa
Januwale 1996

Mwana wanga Elifala,

Landira moni kumeneko ku Blantyre. Kuno fodya akukula bwino. Akundilemberawa ndi akatekisiti, koma mawu ndi anga.

Mthuthuthu wakale unatisiyira uja wayamba kulira khokhokho pokwera chitunda. Oyilo atatha, ndinathiramo wa ku chigayo. Makaniko wa ku Mponela akuti ndaupha ndine, ndisaukwerenso. Ine ndamuyankha kuti oyilo ndi oyilo, nanga chigayocho chinafa liti?

Komabe undiuze msanga dzina la oyilo unkathira uja. Amayi ako akuyenera kubwereranso kuchipatala ku Ntchisi mwezi uno usanathe, ndipo kuyenda wapansi sangathenso. Zimene ananena adokotala si zolembetsa munthu wina.

Ngati ungathe, oyiloyo ubwere naye wekha.

Ndine bambo wako,
Lazaro