Tinsomba ta M'botolo

Mkaika, Katete
Okutobala 1958

Okondedwa atsibweni a Fanwell,

Kaya muli bwanji ku Broken Hill kumeneko? Ife kuno tilipo, mtedza tinakolola bwino, tikungodikira mvula.

Mwina mwamva kale kuti Ottilia wazungulira mutu. Imvani kwa mwini wakene. Ndalowa kalabu ya oweta nsomba m'galasi. Anaiyambitsa ndi a Lackson, aja anabwera kuchokera kumigodi ndi bokosi lagalasi. Loweruka timasonkhana kwawo ku Katete, kugawana tinsomba ta m'dambo ndi kuphunzitsana kasinthidwe ka madzi. Kumeneko palibe amene amandiyang'ana ndi maso achisoni, amangofunsa ngati tanga tadya.

Sabata yatha ndili kudimba, kunyumba kunafika alendo. Mayi anga aang'ono, a Mable, ataona tinsomba m'botolo langa lalikulu, anati ndiwo zapezeka. Ndinapeza atakazinga, atathira ndi tomato yemwe! Nditalira anati, "Mwana iwe, chiweto chosadyedwa n'chantchito yanji? Misozi sinathere kumanda kuja?"

M'mawa mwake ndinabwerera kudambo ndi dengu.

Atsibweni, nditumizireni magalasi a pawindo ndi phula lomatira, a Lackson andipangire bokosi lachivundikiro. Amuna anga a Bonface salankhula zambiri masiku ano, ndipo kamphasa ka malemu mwana wathu Flora kakadali pamalo pake. Zinazo tidzakamba pamaso. Koma kalabu sindisiya, anene zonena zawozo. Manja angawa anazolowera kudyetsa kanthu m'mawa.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Ottilia