Eyakoni Yaikulu M'kachipinda Kathu

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ine ndikulemba ndili pakhonde panu, kuno ku Kandeu, diso limodzi lili lotupa. Ndikufotokozerani, koma ndiyambe ndi zabwino. Kachewere wa kudimba wachita bwino chaka chino, ndipo mdzukulu amene munamusiya ali m'mimba uja anabadwa wamkazi. Ndinamupatsa dzina lanu, Elube.

Kutentha kwa ku Sharpevale mukukudziwa. Paja munkati mwana wa kumtunda akakwatiwa kuchigwa amapsa ngati chimanga chootcha. Okutobala uno malata ankachita kulira, mwana thupi lonse tizidzolo. Mkamwini wanu Lakisoni atagulitsa nandolo anati tikagule eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba aja. Ndinasekera, osadziwa.

Kuboma, mwini sitolo, Che Jafali, anatifunsa kukula kwa chipinda, ngati chili ndi siling'i, ndiponso ngati dzuwa lamasana limalowa pawindo. Ndinayankha ndine kuti mukangolowa bedi ndi kabati, chadzaza. Anatilozera kakang'ono. Anati yaikulu m'kachipinda kotero imaziziritsa mwadzidzidzi, kuzima, kuyakanso, mpweya n'kukhala wachinyezi. Lakisoni anandiponda phazi kuti ndikhale chete.

"Mnzanga wa pamsika anaika kakang'ono pabalaza, mpaka lero amadzikupiza ndi katoni," anatero. "Ine ndifanane naye? Tsitsani yaikuluyo."

Amayi, chinthucho chinkauzira mphepo molunjika pabedi. Posakhalitsa Elube anayamba kutsokomola, akamapuma nthiti kulowa mkati. Kuchipatala anandichenjeza kuti ndisamamugoneke pamphepo yotero. Ndinapempha Lakisoni kuti tikasinthe, kapena tichepetseko mphamvu. Iye rimoti anaiika m'thumba, n'kumapita nayo kumsika. Panja mwana ankapsa, m'nyumba ankanjenjemera.

Lachiwiri masana eyakoni ija ndinaizimitsa pakhoma. Lakisoni anandipeza ndikuyamwitsa. Khofi loyamba linandigwetsa mwana ali kubere. Anandikoka tsitsi mpaka pakhomo, kundiwombetsa mutu pachitseko, chibakera padiso, china pakamwa. Magazi anadonthera pashawelo ya Elube. Kenako anamutsomphola m'manja mwanga, kumuponya pabedi, n'kuyatsanso makina ake.

"Muzolowera nonse awiri!"

Munkandiuza kuti banja n'kupirira, ndipo ndinapirira zambiri zimene sindinakuuzeni muli moyo. Koma mwana anayasamula kukamwa kuti alire, mawu osatuluka. Ndinatuluka panja, ndinatola musi, ndinazungulira kuseri kumene kuli chibokosi cha makinawo. Ndinasinja, Amayi. Ndinasinja ngati mphale, zitsulo zikuuluka, mpweya ukutuluka kuti fwiii. Lakisoni anathamangira kudzandigwira pakhosi, ndipo musi unapeza mkono wake. Fupa ndinalimva kuti thyo! Anakhala pansi m'fumbi, chimunthu chonse chija, akuitana amake.

Anthu anadzaza pabwalo. Sindinathamange ayi. Ndinalowa, kubereka mwana, n'kudutsa pakati pawo magazi ali pachibwano. Amayi ena ogulitsa mandasi anandiperekeza mpaka kupolisi. Apolisi diso langa analiona, mkono wa Lakisoni anauonanso. Chimene adzagamule ndidzachimva ndili chiimire.

Alongo anu, amalume a Ngozo, atandiona pakhomo anangovula chipewa, n'kukhala pansi. Ankhoswe akumana Loweruka likubwerali. Amalume anandifunsa ngati ndidzabwerera, ine ndinati ayi. Sanafunsenso kachiwiri.

Elube chifuwa chayamba kuphwa. Dzulo anayamwa mpaka kugonera pabere. Tikugona m'chipinda chanu, ndipo denga la kukhitchini likufunika udzu mvula isanagwe, ndayamba kale kumweta ngakhale khosi likuwawabe ndikawerama.

Ngati ndakuchititsani manyazi kumeneko, mundikhululukire. Koma ndikulonjezani, Amayi, munda wanu ndiulima ndekha, ndipo mwanayu ndimulera pano mpaka akule osadziwa kuti chibakera chimamveka bwanji.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati