Chomwe Chimakukuta M'galimoto ya Mlongo Wanga

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga bondo lija likuvutabe kukazizira? Kuno tonse tili bwino, mpongozi wanu ndi adzukulu anu akungonenepa. Koma khalani pansi kaye, musawerenge chiimire.

Mukuikumbukira galimoto yofiira ija adagula kwa munthu mwana wanu wotsiriza, mlongo wanga? Yothamanga ija, ya mipando iwiri yokha, yoyenda ngati ikukwawa pansi. Mutaiona mudati wogula galimoto yopanda pokhala mwana ndiye kuti wataya mtima. Ndikudziwa kuti mawuwo adangokupulumukani, koma adamulasa, poti anali atangopitanso padera. Chichokereni tsiku lija, mukamuimbira amangoyankha mwachidule.

Sabata yatha anatulukira ku galaja kwanga atavala chijekete cha alamu, dzuwa likuswa mtengo. Akuti achimwene, magiya akukukuta. Akati alowetse giya yoyamba, khwee! Rivesi ndiye musanene, anthu amachita kutembenuka pamsewu. Wina anali atamuuza kale kuti giyabokosi yatha, afune ina.

Ine mumandidziwa, sinditsitsa giyabokosi ndisanaifunse mafunso. Injini itazima, magiya onse amalowa myaa. Ndinamuuza kuti ailize, ayesenso. Khwee! Ndinati apa ndiye kuti kilatchi sikulekanitsa bwino injini ndi magiya. Ikanakhala giya imodzi yokha, ndikanakayikira timphete tamkuwa tam'kati. Komabe ndinaikweza galimotoyo n'kukhetsera oyilo m'beseni. Anali bwinobwino, wopanda tizidutswa tonyezimira. Ndinathiramo watsopano n'kuitsitsa. Mafuta a kilatchi odzaza, podontha palibe.

Mutu unaima. Ndinati tatsika ndiyese ndekha. Ndinafika nayo pamphambano n'kubwerera, giya iliyonse ikulowa mwaulemu. Atakhalapo iye, khwee. Ine, zii. Iye, khwee. Ndinamuseka kuti galimotoyi yatopa nawe, ungondipatsa ine mwini wake weniweni.

Ndikutsika kachiwiri m'pamene nzeru zinabwera. Amayi, mukudziwa kutalika kwanga, mukudziwanso kufupika kwa mwana wanuyo. Kale ndikalowa m'galimoto imeneyi mawondo amagunda chiwongolero, ndimayamba ndakankhira mpando m'mbuyo. Koma tsiku limeneli ndinangokhala osakhudza kanthu! Mpando unali m'mbuyo kale.

Ndinagwada pachitseko n'kumuuza kuti aponde kilatchi ndione. Kaphazi kake kamafika ndi zala zokha, kilatchi osagunda pansi. Vuto lonse linali pomwepo basi.

Ndinamufunsa kuti iwe, mpando wauthawitsiranji kuchiwongolero? Anayang'ana kumbali, kenako anatsitsa zipi ya chijekete chija pang'onopang'ono.

Amayi! Amayi inu! Mwana wanu ndi woyembekezera! Ndipo pakula ndithu, pafika pomwe sipadafikepo m'mbuyo monsemu. Chiwongolero chimamupanikiza, ndiye anabweza mpando osaganiza za miyendo yake yaifupiyo. Ine sipanala inagwa yokha. Ndinati ndikhale pansi, n'kukhalira m'beseni la oyilo lija, ovolosi yonse bii. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinali ya kuseka kokha ayi. Munthu wamkulu, wandevu, kulira pakati pa galaja! Iye naye anaseka, kuseka komwe sindinakumve kwa nthawi yaitali.

Tsopano mverani chomwe ndalembera. Amene amadziwa ndi alamu okha, ndipo ntchito yawatengera kutali. Mwanayu ali yekha m'nyumba ndi mantha ake. Kuchipatala akuti zonse zili bwino, koma iye sakukhulupirira, kakangomupweteka pang'ono mtima uli m'mwamba. Akuti amaopa kukuuzani, mungasangalale kenako n'kudzaliranso. Akutinso mawu anu aja akadamuwawabe. Ndinamufunsa ngati ndingakuuzeni. Anati uwauze ndiwe, ine pakamwa pakundilemera.

Ndiye ndakuuzani. Chonde, Amayi, bwerani. Musaimbe foni, ndikukudziwani, muyamba n'kulira mumuopseze. Ingolongedzani chikwama. Azakhali musawauze kaye, pakamwa pawo sipasunga kanthu. Ndipo mukafika musayambe ndi malangizo, yambani mwamukumbatira.

Giyabokosi sindinaikhudze, ilibe mlandu. Makiyi ndamulanda, kuchipatala ndikumuperekeza ndine, ndipo ndikuyendetsa pang'onopang'ono moti njinga zikutipitirira. Mukadzatsika basi mudzaipeza yofiira yomweyo ikukudikirani. Musadzachite manyazi, kukwera n'kosavuta, kutsika ndidzakudzutsani. Iye akuti adzadikira kunyumba, poti mipando ndi iwiri yokha ndipo iye payekha ndi anthu awiri kale.

Mwina mukudzifunsa ngati akukufunanidi, kapena ndi ine ndikungokokomeza. Dzulo ndinamupeza akuyala bedi m'chipinda cha alendo. Sananene kuti akuyalira yani, inenso sindinafunse. Koma kumiyendo anaikako pilo wina, wotsamiritsa bondo.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu za ulendo. Mundiperekere moni kwa amalume ndi onse a pakhomo. Adzukulu anu akuti musaiwale maswiti.

Ndine mwana wanu wachisamba,
makaniko wanu uja.