Zikomo za Dzulo

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno tilipo. Mukundidziwa, ine sindikhulupirira chinthu chopanda umboni, ndipo ndilibe umboni woti kalata iyi ikufikani. Komabe pachitika nkhani yofuna inu, ndiye ndalemba.

Ndiyambe ndi za kwathu ku Chiwalo. Nandolo wachita bwino chaka chino, ngakhale chimanga cha kudambo chinapita ndi madzi. Mng'ono wanga Rozi wabereka mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Mphumi ndi yanu, ndipo akakwiya amayang'ana kumbali ngati inu nomwe. Achimwene afolera nyumba yanu. Mbuzi yanu yotsimphina ija ikadali kudya zovala pachingwe, koma palibe amene akulimba mtima kuigulitsa.

Ku koleji andikweza. Tsopano ndine wachiwiri kwa mkulu wa koleji, ndipo andipatsanso udindo woona kuti ogwira ntchito akukhala bwanji. Mukanaseka, inu amene munkati ndimadziwa mabuku kuposa anthu.

Madzi amene anatenga chimanga aja anadulanso paipi yathu yochokera kuphiri. Koleji yogonera konko siingapirire masiku ambiri popanda madzi. Tinatsala pang'ono kubweza ophunzira kwawo mayeso ali pakhomo. Anatipulumutsa ndi bambo Muhiwa, pulambala wathu, munthu wachikulire wosachulutsa mawu. Ndi okhawo amene amadziwa mmene mapaipi anayendera pansi pa nthaka, poti mapu ake anatayika kalekale. Anakhala masiku awiri m'matope ofika m'chiuno. Tsiku lachitatu mipope inayamba kutsokomola, kenaka madzi anatuluka.

Ine ndinachita zimene ndinawerenga m'mabuku a kayendetsedwe ka ntchito. Ndinalemba kalata m'Chingerezi chosalala yothokoza dipatimenti yokonza zowonongeka, ndinaidinda, n'kuimata pa bolodi m'chipinda chimene aphunzitsi amamwera tiyi. Mumtima ndinati ndathana nazo.

Patapita milungu itatu, bambo Muhiwa anasiya kalata patebulo langa yonena kuti mwezi ukatha asiya ntchito, akalime mpunga kuchigwa. Ndinawafunsa ngati vuto ndi malipiro. Anati, "Iyayi, madamu." Ndinafunsa ngati wina wawalakwira. Anati, "Iyayi, madamu. Ndangokalamba." Koma munthu wokalamba sakhala masiku awiri m'matope. Yankho silinagwirizane ndi zimene ndinaona, ndipo ndinadziwa kuti akachoka, paipi ikadzadukanso tidzakumba koleji yonse ngati tikusaka mbewa.

Anandimasulira ndi mayi Nambewe, amene amakolopa m'maofesi, mayi wosadziwa kubisa mawu. Anandipeza ndikuyang'ana pa bolodi paja, n'kuti, "Madamu, dipatimenti mwaithokozayi imakhala kuti? Ine ndimangodziwa a Muhiwa ndi njinga yawo. Ndipo muno ife timalowa ndi chokolopera, maso ali pansi. Pakhoma timayang'anapo kangaude, osati Chingerezi." Ndinati, "Koma zinalembedwa." Iwo anaseka n'kuti, "Ndiye pepalalo ligwire sipanala."

Apo m'pamene ndinakumbukira dima lanu. Mukaitana anthu kudzathandiza kupalira, munkawaphikira kalongonda ndi thobwa, onse n'kubalalika atakhuta. Kwa ine nkhani inkathera pomwepo. Koma m'mawa mwake munkandidzutsa kuti tizungulire nyumba ndi nyumba. Munkakhala pansi pakhonde, kuwomba m'manja, n'kumutchula munthu ndi mfunda wake: "Zikomo za dzulo, a Phiri." Ine ndinkanyinyirika kuti ndikuchedwa kusukulu chifukwa cha mawu amene munanena kale kumunda. Inu munkati, "Zikomo wa pagulu amapita ndi mphepo. Zikomo weniweni amagona kaye, n'kudzuka ndi miyendo."

Ndinachita manyazi, Amayi, pozindikira kuti ndagwira ntchito ndi bambowa zaka zonsezi osadziwa mfunda wawo. Mayi Nambewe ndi amene anandiuza kuti ndi a Ngondo, ndipo anandilongosolera njira ya kwawo.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi mpaka pa Migowi, n'kuyenda wapansi kuseri kwa msika. Bambo Muhiwa atandiona anathamangira mpando. Ndinaukana, ndinakhala pamkeka pafupi ndi akazi awo amene ankasenda chinangwa cha makaka. Ndinawomba m'manja. Manja anga anaiwala, zinangomveka ngati ndikupha udzudzu. Ndinati, "Zikomo za dzulo, a Ngondo."

Bambo aja anandiyang'ana. Kenaka anati, "Dzulo lake liti, madamu? Limeneli lamera ndevu."

Akazi awo anawadula mawu. "Alekeni, abwera ndi miyendo yawo. Madamu, musawaone kuuma pakamwaku. Madzi atatuluka, m'mawa mwake anavala malaya a kutchalitchi, ati mwina aitanidwa ku ofesi. Madzulo anabwerako, malaya aja n'kuwaponya pamphasa."

"Iwe, senda chinangwa," anatero bambo aja, koma maso anali pansi.

Sindinawapemphe kuti asasiye ntchito, ngakhale mawuwo anali pakamwa. Munkati wobwera kudzathokoza asabwere ndi thumba. Ndinangowafunsa kuti anadziwa bwanji pamene paipi inaduka. Munthu wosalankhula uja anatenga kamtengo n'kuyamba kujambula padothi: apa thanki, apa mtengo wa mkuyu, apa pamene paipi imakhotera kuthawa thanthwe. Anati anaona udzu wa pamalo amodzi utagona mosiyana ndi unzake. Ndinachoka dzuwa lili paliwombo, nditaphunzira zimene sizili m'buku lililonse la mu laibulale yathu.

Lolemba anagogoda ku ofesi. Anati, "Madamu, kalata ija ili pati? Ndinalakwitsa tsiku." Ndinafunsa kuti tsiku lenileni ndi liti. Anati, "Ndikakumbukira ndidzakuuzani." Anaipinda n'kuiika m'thumba la ovolosi. Mpaka lero sanakumbukire. Mapu aja tsopano tikuwajambula papepala, iwo akuloza, ine ndikulemba.

Kuyambira pamenepo tasintha kachitidwe. Munthu akagwira ntchito yooneka, m'mawa mwake mmodzi wa ife amamutsatira kumene amagwirira, kaya kukhitchini, kugeti kapena m'kalasi, kukamuthokoza pomutchula dzina. Bolodi tinaitulutsa, ili pansi pa mtengo wa mango pamene aliyense amadutsa, ndipo tiyi wa Lachisanu timamwera pomwepo tonse. Si onse anakondwa nazo. Mphunzitsi wa masamu anandifunsa, "Kodi tsopano tiziwombera m'manja alonda?" Mwezi watha yemweyo anathamangira ndi wophika wathu kuchipatala pa galimoto yake. M'mawa mwake amayi onse a kukhitchini anamupeza pakhomo la kalasi, n'kukhala pansi ophunzira akuona. Anasowa poika maso. Sanabwerezenso funso lija.

Sindinganene kuti zonse zakonzeka. Mikangano ilipo, ndipo ndilibe muyeso woyezera mitima ya anthu. Chimene ndaona ndi maso n'chakuti madzi akutuluka, ndipo mayi Nambewe tsopano amalowa mu ofesi mwanga mutu uli m'mwamba, kudzandiuza amene ndamuiwala.

Koma pali anthu amene mayi Nambewe sangandikumbutse. Pamaliro anu, adzukulu anakumba manda pa nthaka youma, amayi a kumpingo anakusambitsani, a Phiri anagwetsa mtengo wawo kuti pakhale nkhuni. Ine ndinathokoza onse pamodzi kudzera mwa amalume, m'mawa mwake n'kukwera minibasi yoyamba, ati ntchito ikundidikira. Papita zaka ziwiri. Dzulo limenelo lamera imvi.

Tchuthi chikubwerachi ndipita ku Chiwalo. Ndidzadzuka m'mamawa, ndidzayenda nyumba ndi nyumba monga munkachitira, wopanda thumba, ndipo Rozi adzandiperekeza ndi mwana kumsana kuti ayambe kuona njira. Nyumba yomaliza idzakhala yanu. Ndidzakhala pansi, ndipo ndikhulupirira kuti pofika pamenepo manja adzakhala atakumbukira.

Zikomo za dzulo, Amayi anga, Nabanda.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube