Masiku Amene Ndinkasungira Inu

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo ndithu. Mpunga wa ku Bwanje wachita bwino chaka chino, ngakhale mbalame zinatisautsa. Achemwali a Felista abereka mwana wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu. Watengera ndi ukali wanu womwe, akafuna bere mudzi wonse umadziwa.

Ine ndasiya ntchito kuchigayo cha mpunga ku Mtakataka kuja. Msana wakana. Potsanzikana, abwana anangondipatsa malipiro a mwezi. Nditawakumbutsa za masiku a tchuthi amene sindinatenge, anati tchuthi ukapanda kutenga chimapsa. Paja inu munkati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinakwera minibasi mpaka ku ofesi ya zantchito kuboma. Kumeneko anandiuza kuti munthu akamasiya ntchito, masiku a tchuthi otsala amayenera kulipidwa, ndi lamulo. Anawalembera kalata abwanawo, ndipo analipira atakwinya nkhope.

Ndinapambana, Amayi, koma ndalamazo sizikundikomera. Masiku aja ndinkasungira inu. Ndinkati ndidzawatenge onse pamodzi mukadzadwala kwambiri, ndidzakhale gadiyani wanu kuchipatala, ndizikusambitsani ndi kukuphikirani phala. Ndinkadziona wochenjera. Ndikaimba foni munkati ndi chifuwa chabe, ndisataye ntchito chifukwa cha nkhalamba, ine n'kumavomera chifukwa zinkandipepukira.

Munandipempha kamodzi kokha. Munati ndibwere sabata imodzi ku Golomoti tidzamwete udzu wofolera khitchini. Udzuwo achimwene akanatha kumweta okha, ndazindikira tsopano. Ndinayankha kuti mwezi wamawa. Mtakataka ndi Golomoti ndi pafupi, Amayi, ndilibe ponamizira. Munatisiya Lachiwiri m'mawa, osagona m'chipatala ngakhale tsiku limodzi. Gadiyani sanafunike. Zimandipweteka kwambiri, ndipo ndimachita manyazi.

Amalume akuti ndalamazo zipite kuchiliza chanu. Ndavomera. Simenti ndagula kale, ili m'khitchini momwemo, ndaifunditsa pepala la pulasitiki chifukwa denga likadali lothonya. Ndikulonjeza kuti mvula isanayambe chiliza chidzakhala chitatha, ndipo sindidzachoka pamandapo mpaka amisiri atatsuka mafosholo awo. Nthawi tsopano ndili nayo yambiri.

Ndikudziwa kuti simunapemphe simenti. Munapempha sabata imodzi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi