Nambala ya Pakhoma

Lachinayi madzulo, Bangwe. Lero mtima wandiwawa tsiku lonse.

Mayi Namagowa, kasitomala wanga wakalekale, abwera kudzatenga nsalu yawo ya chinkhoswe, akuti akasoketsa kwa telala wina. Chithunzi cha sitayilo anatumiza pafoni Lolemba, koma kwa ine chimangozungulira osatseguka, chonsecho bando ya intaneti ndinagula. Ndinachita kukwera pachulu kuseri kwa shopu, foni m'mwamba ngati wamisala.

Esinati wogulitsa tomato ali pa kampani ina ya mafoni. Iye kungodina kamodzi, zithunzi zimatseguka. Akuti, "Asisi, tayani simu imeneyo, mukuisungiranji?"

Ndinaichotsadi dzulo. Masana ano ndaibwezera kuti ndione amene amandifuna, ndapeza uthenga wa kampani: takusowani, landirani data yaulere. Kuonetsetsa, imagwira anthu akagona basi. Zaka zonsezi sanandisowepo! Akundiyesa mlonda ine?

Chondipweteka n'chakuti nambala imeneyi ndi imene inalembedwa pakhoma la shopu, komanso ndi yokhayo imene amayi ku Mulanje anailoweza pamtima. Pakhoma n'posavuta, penti ndingagule mawa. Koma amayi, ndi maso awo osaona bwino aja, akadzadwala n'kuimba...